Botolo Lachitatu la Magazi

Pachipatala chija anali ndi lamulo lawolawo. Wodwala akathiridwa magazi pa opaleshoni, achibale ankayenera kubweza botolo kwa botolo, ndipo akabweza, magaziwo sankalipiritsa. Amuna awo a Atelala anathiridwa mabotolo atatu tsiku limene anawang'amba pamimba, matumbo atapotana. Anthu atatu anakagona pa kabedi ka m'chipinda choperekera magazi: Atelala eni ake, mlamu wawo Adalaivala, yemwe anali mng'ono wa wodwalayo, ndi mwana wamkazi wa Atelala. Mwanayu pakhomo ankangomutcha Kachete, chifukwa mawu ankachita kumukoka ngati ulusi wokodwa m'makina.

Tsono tsiku loti wodwala atuluke, pa bilu panapezeka botolo limodzi la magazi.

Ndalama za zina zonse Atelala anali nazo m'kachikwama ka m'chiuno. Anali atagulitsa nsalu zonse za m'shopu mwawo, wailesi yakanema, ngakhale suti ya amuna awo yopitira kumaukwati. Zinakwana bedi, mankhwala ndi mpeni wa dokotala, koma za botolo ili panalibe. Chipatalacho sichinkatulutsa munthu bilu isanathe, ndipo tsiku lililonse logonamo linkawonjezera mtengo. Chotsala choti n'kugulitsa anali makina osokera basi. Amuna awo anali owotcherera zitsulo, ndipo dokotala anali atawaletsa kunyamula cholemera mpaka bala litapoleratu. Makinawo akapita, pakhomo sipakanatsala chodyetsa anthu.

Amene anakonza windo lolipirirapo ayenera kuti ankadana ndi anthu osauka. Galasi linali lochindikala, kabowo kolankhulira kali m'munsi, moti aliyense wodandaula ankayamba wawerama ngati akupepesa. Atelala anawerama, koma mawu awo sanawerame nawo.

"Achimwene, tandiwerengereni mzere uwu. Mwina maso angawa atha ndi singano."

"Magazi, botolo limodzi," anatero kalaliki osatukula mutu.

"Tinabweza onse atatu. Ine ndinachita chizungulire mpaka kugwira khoma. Lero mukufuna kundigulitsa magazi anga omwe?"

"Mayi, ine ndimangolandira ndalama. Zolembazi zimachokera ku wodi."

Ku wodi, sisitala wamkulu anati zolemba zimachokera ku ofesi ya maakaunti. Ku maakaunti anapeza chitseko chokhoma, jekete ili pampando, mwini wake ati wangotuluka pang'ono. Atabwera, akutokosa m'mano, anati makina a kompyuta salakwitsa. Atelala anamuuza kuti iwo akhala ndi makina zaka zambiri kuposa zimene iye wakhala ndi ndevu, ndipo makina amasoka chimene wawapatsa. Mkuluyo anawatumiza kuchipinda cha magazi.

Kachete ankatsatira m'mbuyo, atanyamula fulasiki ndi chikwama cha zovala za bambo ake. Pamasitepe anawakoka amayi ake malaya.

"Amayi, tiyeni tingolipira. Ndikapempha ngongole kwa abwana ku shopu ya mafoni. Azikandidula pamwezi."

"Ngongole yogulira magazi ako omwe? Mutu uli bwino iwe?"

"Bambo atuluke basi. Zinazi tizisiye."

"Ndi mtima umenewo adzakudyera masuku pamutu mpaka kumanda. Tiye."

Atelala sankadziona ngati munthu wa mkangano. Ankangodana ndi kuberedwa, ndipo kasitomala wobweza diresi atalivala kale ankawadziwa bwino. Koma tsiku limeneli mkwiyo wawo unali ndi mantha pansi pake. Ankaona makina awo atakwezedwa pangolo ya munthu wina, ndipo mtima unkawawawa kwambiri.

Kuchipinda cha magazi, benchi inali yodzaza ndi achibale a odwala ena, manja a malaya atapindidwa kale. Namwino wachikulire, wa magalasi omangidwa ndi chingwe, anamvetsera nkhani yonse, nayang'ana pa kompyuta, kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, tilowe mkati tikambirane."

"Nenani pompano. Ine ndilibe chobisa." Atelala anagwira mkono wa Kachete, naupinda malaya, nauonetsa kwa anthu a pabenchi. "Onani pamene anamubaya mwanayu. Mpaka lero pakadali pakuda. Ati sitinapereke."

"Munapereka atatu, zimenezo palibe akukana," anatero namwino. "Koma magazi timayamba tawayeza. Awiri analowa m'furiji. Botolo linalo silinali loti n'kupatsa munthu, ndiye siliwerengedwa."

"La ndani?"

"Zimenezo sindinganene. Mwini wake tinamuitana payekha, akudziwa."

Pabenchi bambo wina anatsitsa dzanja la malaya ake pang'onopang'ono. Namwino anawonjezera kuti wachibale wina akhoza kubwera kudzabweza botololo, koma osati atatu aja, chifukwa matupi awo anali asanabwezeretse magazi.

Atelala sanachedwe kuwerengera. Iwo sanaitanidwe. Kachete anali mwana wa tchalitchi ndi shopu, wofika pakhomo dzuwa lisanalowe. Wotsala anali Adalaivala, munthu wogona m'misewu ndi lole, sabata ziwiri kunja, masiku awiri pakhomo. Iwo anali atanena kalekale kuti ntchito imeneyo idzabweretsa maliro m'banja.

Adalaivala anawapeza pakhonde la wodi. Anali atabwereka galimoto yaing'ono ya mnzawo kuti adzatenge achimwene awo, ndipo anabwera akuzunguza makiyi pachala, akuseka ndi mlonda.

"Alamu, zatheka? Tinyamule bwana wathu?"

"Zitheka bwanji inu mutatipatsa magazi owola?"

Makiyi anasiya kuzungulira.

"Anakuitanani, anakuuzani, inu n'kukhala chete. Ine ndazungulira chipatala chonse ngati wamisala, kutukwana anthu osalakwa, mwana uyu mpaka kufuna kutenga ngongole. Achimwene anu agone muno chifukwa cha zimene mumatola m'misewumo? Ndigulitse makina anga chifukwa cha inu?"

Adalaivala anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Kenako anayang'ana kuseri kwa phewa la mlamu wawo, kumene Kachete anaima atakumbatira fulasiki pachifuwa, maso ali pansi. Mwanayu anamunyamulapo pakhosi ali wakhanda, ndipo njinga anamuphunzitsa ndi iwo. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, napukuta nkhope ndi chikhatho.

"Chabwino, alamu," anatero motsitsa. "Ndi ine. Musagulitse kanthu. Ndipatseni pepalalo."

Anapita kukawerama pa windo lija. Ndalama zimene anatulutsa zinali za fizi ya mapasa awo, zomwe anayenera kukapereka kusukulu sabata yomweyo.

Atelala anapuma mpweya wautali. Makina anali atapulumuka. Kenako anakumbukira mkazi wa Adalaivala, amake mapasa, munthu wofatsa amene ankawathandiza kusokerera mabatani ntchito ikachuluka. Anapita pakona, natulutsa foni. Kunena zoona, anaimba pofuna kupulumutsa moyo wa mnzawo. Koma kunena zoona zonse, munalinso kakukoma kena m'kamwa mwawo, kukoma kwa munthu amene zimene ankanena zija zapherezeka.

"Amake mapasa, khalani pansi kaye. Sindikufuna mudzamve kwa ena. Magazi a bambo a kwanuko awataya kuno. Avomera okha pamaso panga. Inu pitani mukayezetse, musadikire kuti akuuzeni."

Mbali inayo kunangomveka mpopi wa madzi ukuthira m'ndowa, kenako foni inaduka.

Mu wodi, wodwala anali atakhala kale m'mphepete mwa bedi, nsapato zili kumapazi, dzanja lili pabala. Anali ataonda moti kolala ya shati inkachita kulendewera. Atamva kuti bilu yatha, anaseka mosamala kuti ulusi usaduke.

"Ndinawauza anzangawa kuti mkazi wanga akalowa mu ofesi, amatuluka ndi mpando womwe. Botolo lija alichotsa pa bilu eti?"

"Zatha," anatero Atelala. "Valani jekete."

Anatenga makapu ndi mbale kuti akatsuke kumpopi wa kuseri kwa wodi, pamene pankanunkha mankhwala ophera tizilombo ndi matewera. Kachete anawatsatira. Anaima pambali pa sinki, osagwira kanthu, mpaka amayi ake anamuyang'ana.

"Ukuima ngati mlendo bwanji? Gwira mbale."

"Amayi, bambo aang'ono sanaitanidwe."

"Avomera okha, iwenso unamva."

"Anaitana ine."

Madzi anapitiriza kugwera m'kapu yodzaza kale.

"Anandiimbira ndili ku shopu. Ndinabwera ndekha pa nthawi ya nkhomaliro. Andipeza ndi kachilombo. Mankhwala ndayamba kale, ali m'chikwama changa cha kuntchito." Ankalankhula ngati akuwerenga mitengo ya mafoni. "Ndimafuna bambo ayambe achira. Ndinakupemphani kuti tingolipira."

Atelala anafuna kufunsa kuti ndani, liti, kuti. Anafuna kumumenya mbama, anafunanso kumubereka kumsana ngati kale. Palibe chimene anachita. Anakumbukira mmene anaukwezera mkono wa mwanayu pamaso pa benchi yodzaza, ndipo manyazi ndi chisoni zinawagwira.

"Musawauze bambo," anatero Kachete. "Musauze aliyense, amayi. Chonde. Ndikamva anthu akunena, ine sindikhala."

Atelala anatseka mpopi. Anamugwira mwanayo dzanja, dzanja lawo lili lonyowa, ndipo anati, "Palibe amene amve." Anali asanamuuze za foni ija.

Wodwala anamukhazika kutsogolo, mpando atautsamiritsa, pilo ali pamimba. Atelala ndi Kachete anakhala kumbuyo pamodzi ndi zikwama. Adalaivala ankayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba maenje, ndipo galimoto ikagwedezeka ankapepesa achimwene awo. Za pakhonde paja sanazitchule. Kamodzi kokha anayang'ana pagalasi, maso awo anakumana ndi a Kachete, ndipo anamugwedezera mutu pang'ono.

"Iwe, mlamu wakoyu ndi loya," ankatero wodwala. "Akanapita kusukulu, bwenzi tonse tili m'ndende."

"N'zoona, achimwene," anayankha Adalaivala.

Atafika pamaloboti a pafupi ndi msika, foni ya Atelala inalira. Anali amake mapasa. Anaisiya ilire mpaka amuna awo anatembenuza khosi.

"Yankhani, mwina ndi kasitomala. Tikufunika ndalama ife."

Anaiika kukhutu, naikanikiza kwambiri kuti mawu asatuluke.

"Ndalongedza," anatero amake mapasa. Mawu awo anali ouma, a munthu amene walira mpaka kumaliza. "Ana ndakawatenga kusukulu. Tili m'basi, tikupita kwa achimwene anga. Ndawauza zonse. Zaka zonsezi ndimamuikira kumbuyo anthu akamanena. Inu nokha ndi amene mwandiuza zoona, mayi. Mulungu akudalitseni."

Atelala anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mlamu wawo, pamene imvi zinali zitayamba kumera. Anayang'ana mwana wawo, yemwe anali atatsamira pawindo, maso otseka, dzanja lake likadali m'dzanja lawo. Mawu oti abweze basi ija anali ochepa, ndipo anali nawo pakamwa. Koma akanawanena, m'galimotomo aliyense akanamva, ndipo funso lotsatira likanakhala loti nanga botololo linali la ndani.

"Ndamva," anatero.

"Ndani?" anafunsa amuna awo.

"Amake mapasa. Akufunsa ngati mwatuluka bwino."

Nyali yobiriwira inayaka. Adalaivala analowetsa giya, namwetulira koyamba chichokereni kuchipatala.

"Auzeni aphike zambiri, alamu. Lero tonse tikadyera kwathu."

Atelala anagwedeza mutu, foni ikadali kukhutu. Inali itaduka kale.