Onyamula Nyumba Sanabwere

Nyumba yathu inalibe maziko. Inangokhala pa miyala, ngati nyumba zonse zamatabwa za kuno ku Barbados. Ukapolo utatha, nyumba inkakhala yako koma malo a mwini munda wa nzimbe. Akakuthamangitsa unkaitana anansi, kuphwasula makoma, kukweza pangolo, dzuwa lisanalowe nyumba yaima kwina. Yathuyi anamanga ndi agogo anga atabwerako kokumba ngalande ya ku Panama, ndipo inali itasamukapo kale.

Ndiye a kampani ya hotela atagula malo onse a m'mbali mwa nyanja, ine sindinatekeseke. Anatitumizira kamnyamata ka tayi, dzina lake Greenidge.

"Mayi Odle, tikupatsani nyumba ya njerwa kumtunda, ya chimbudzi cham'kati."

"Iwe, ndinakudandaulira za chimbudzi ine? Ndipatse malo opanda kanthu. Nyumba ndili nayo."

"Komatu anzanu onse avomera."

"Anzangawo ndi amene anandibala?"

Ndagulitsa nsomba pamsika wa ku Speightstown moyo wanga wonse, sindingagonje kwa mwana wonunkhira sopo. Tinakokanakokana mpaka mvula inabwera n'kupita. Anansi ankachoka mmodzimmodzi, ena kunyumba za njerwa zija, ena kwa ana awo ku Brooklyn ndi ku London, katapila, chigalimoto chogumula nyumba, n'kumaphwanya zimene asiya. Pomaliza Greenidge anatopa. Malo anandipatsa, lole ya Lamlungu anandilonjeza, koma anati Lolemba m'mawa katapila alowa, kaya nyumba ilipo kaya palibe.

Ndinatumiza mawu kwa onse amene ndinkadziwa kumene ali. Kwathu onyamula nyumba salipidwa. Amadya, kumwa ndi kuimba. Ndinaphika mpunga wa nandolo mumphika wa paukwati, kukazinga nsomba zouluka, botolo la mowa wa ramu n'kuika pansi pa mtengo.

Anabwera awiri: a Cumberbatch, kalipentala wakale amene manja ayamba kunjenjemera, ndi a Sealy, oyendera ndodo.

"Eudine, tatsegula botololo, mwina unyamata ubwerera," anatero a Sealy.

"Mulawa khoma likatsika. Ndimakudziwani inu."

"Nanga enawo?"

"Akubwera."

Tinadikira mpaka mpunga unazizira. Ndinaimbira foni mwana wanga Carlisle, amene amaperekera zakumwa kwa alendo pahotela ina.

"Amayi, lero kwadzaza kuno. Akandichotsa ntchito tidya matabwawo?"

"Unabadwira m'chipinda ichi, chitsiru iwe!"

"Ndikudziwa, amayi. Akundiitana."

Basi tinayamba tokha. A Cumberbatch anachotsa chitseko ndi mawindo bwinobwino, misomali akuika m'thumba la malaya. Koma denga limafuna amuna ena pamwamba, ena pansi olandira. Tinayesa kutsitsa mbali imodzi, ine ndi nkhalamba ziwiri. Inangosuntha pang'ono, a Sealy n'kukhala pansi atagwira pachifuwa, milomo itayera.

Ndinathamangira kwa dalaivala wa lole, amene ankasewera ndi foni pamthunzi.

"Mwana wanga, tagwirako apa. Idya mpaka ukhute, ramu yense utenge."

"Mayi, ine anandituma kuyendetsa. Msanawu ndi wodyetsera ana anga."

"Ndiwonjezera mpando wa agogo anga uwo, wa mtengo weniweni."

"Ngakhale mundipatse, tikhala angati? Dengali silimva kunenerera, mayi."

Ndinabwerera kwa nkhalamba zija. A Cumberbatch anaika hamala yawo pansi.

"Eudine, nyumbayi ilibe vuto ayi. Matabwa onse ndi olimba. Ndi anthu amene atha."

Lole inanyamuka itatenga bedi, mpando, mawindo, chitseko, ndi a Sealy kupita nawo kuchipatala.

Lolemba ndinaima pamsewu. Greenidge anabwera osandiyang'ana kumaso, n'kunena kuti nyumba za njerwa zinatha kugawidwa. Katapila anaigunda pakona, nyumba n'kugwada, ndipo ndinaona khoma la kuchipinda, lobiriwira, limene amayi anga anapaka penti, lili poyera pamaso pa anthu odutsa.

Malo aja ndili nawo kumtunda, amera udzu. Ndimagona m'kachipinda kakumbuyo kwa Carlisle. Chitseko chili pansi pa bedi langa, ndipo mkazi wake wayamba kale kunena kuti chibweretsa chiswe.