Chipsera cha pansi pa mphira

Njinga ya malemu a Inocencio inali yakuda, ndipo aliyense wa kuseri kwa msika wa Chitakale ankaidziwa mbiri yake, chifukwa akazi awo, mayi Rosalia, sankalola mlendo kutsanzika asanaimve. Ankati mu 1986, nkhondo itafika pakhomo kwawo ku Milange, tsidya la Mozambiki, amuna awo anawakweza pakaliyala ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri n'kuthawa nawo. Powoloka mtsinje wa Muloza njinga inagunda mwala, felemu n'kusweka pansi pa chishalo. Anakaiwotcherera pa Limbuli, ndipo kuyambira pamenepo a Inocencio ankakulunga mphira pabalapo, ati kuti lisatsegukenso. Akafika apa mayi Rosalia ankasisita mphirayo ngati bondo la mwana amene wagwa. Chaka chilichonse mvula ikatha, mwini wake ankapaka njingayo penti wakuda n'kukulunga mphira yatsopano.

A Inocencio anamwalira mu Febuluwale. Anthu atakolola, kunabwera uthenga kuchokera ku Milange kuti a Dario, ang'ono awo a malemu, afika Loweruka la sabata yachitatu kudzasudzula alamu awo. Mwambo wake ndi wodziwika: abale a mwamuna amabwera kudzamasula mkazi wamasiye, ndipo pobwerera amanyamula zimene zinali za mbale wawo. Jekete, wailesi, nsapato za kutchalitchi, zimenezo mayi Rosalia analibe nazo mawu. Koma njinga poyambirira inali ya apongozi awo, bambo wa Inocencio ndi Dario, ndipo pamaliro paja anaona ndi maso awo a Dario ataima pakhonde kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali, osalankhula ndi munthu.

Nzeru yoipa sibwera ikukuwa. Kwa mayi Rosalia inabwera akusenda nandolo. Njinga ikakhala yabuluu, ndani anganene kuti ndi ija? Adzangoti yakale inatha, iyi ndi ya mwana wawo Estele amene amaphunzitsa ku Luchenza. Mayi wa mpando wakutsogolo m'tchalitchi, wosaba ngakhale tsabola wa mneba, anagula kachitini ka penti wabuluu ndi sandipepa, n'kuziphimba ndi masamba a mpiru m'dengu. Manyazi anali nawo, koma mantha otaya njinga anaposa manyaziwo.

Ntchito anaigwirira kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapeyala pamene mpanda wa bafa unkabisa. Kumasula kokha kunawatengera masiku awiri, poti sipanala anali asanaigwirepo chibadwire. Mateyala anawatsamiritsa ku nkhokwe, tcheni anachiviika m'palafini monga ankaonera kwa amuna awo, timanati tonse anatiponya m'mbale imodzi osaganiza kuti tsiku lina adzafuna kudziwa kuti kalikonse kanachoka pati. Kaliyala, yolemera ngati khasu ndi mpini womwe, anangoiponya pakhonde. Inatsala felemu yokha, chigoba chopanda ulemu, ndipo anaipachika ndi chingwe pa nthambi.

Ankapala ndi chibenthu cha botolo, kenako n'kusalaza ndi sandipepa. Penti anali wochindikala zedi. Ankasendeka m'magawomagawo, wakuda pansi pa wakuda, ndipo mayi Rosalia ankadziuza kuti uwu ndi wa chaka chatha, uwu ndi wa chaka chimene Estele anakwatiwa. Fumbi lakuda linawalowa m'zikhadabo, m'mphuno, mpaka m'duku. Malo a mphira aja anawasiyira kumapeto, chifukwa mtima sunkafuna. Ankadziwanso kuti chipsera chowotcherera ndicho chingawaulule kwa a Dario, ndiye anali atakonza zodzachimata bwinobwino chisanapakidwe.

Tsiku lachinayi anadula mphira ija ndi mpeni. Pansi pake panali posalala. Anati mwina penti wachuluka, napala. Wakuda, wakuda, wakudanso, kenako botolo linatulutsa wofiira. Anaima. Njinga ya apongozi awo inabadwa yakuda, wofiirayu wachokera kuti? Anapalabe mpaka chitsulo chinawala, napitikitsa chala. Panalibe chotupa, panalibe mzere, panalibe ngakhale kachizindikiro koti moto wa wowotcherera unadutsapo.

Anakatenga magalasi awo owerengera Baibulo. Anaitsitsa felemu, naitembenuza chadodolido, poganiza kuti ukalamba wawasokoneza ndipo bala linali kwina. Anapala paipi yakutsogolo, anapala kumene kumakhala mapedulo, anapala paliponse mpaka zala zinatuluka matuza. Paliponse wofiira ankatuluka, chipsera osaoneka. Anakhala pansi pafumbi lomwelo miyendo ili tambalale, mutu utaima.

Atakhalakhala anapeza yankho, ndipo yankholo linawaopsa kuposa funso. Pamaliro paja njinga zinali mbwee pabwalo, ndipo iyi anthu ankaibwereka kukanena uthenga ndi kukatenga nkhuni. Ndiye kuti wina anasinthanitsa. Ndiye kuti njinga yawo ili pakhomo pa munthu wina, ndipo iwo avula khungu njinga ya eni ake. Anafuna kuba chinthu chimodzi, tsopano anali ataba china chimene sankachidziwa n'komwe.

Masiku atatu otsatira mayi Rosalia anayenda m'makomo. Kufunsa poyera sakanatha, chifukwa wofunsa amafunsidwanso. Ankangoti abwera kudzapala moto, utsi ukufuka kukhitchini kwawo anthu onse akuona. Akapeza njinga yakuda yotsamira khoma ankaiyandikira cham'mbali, akupitiriza kucheza za mitengo ya feteleza, dzanja likufufuza pansi pa chishalo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti chisoni chawalowa kumutu, ndipo mayi wina anawatumizira msuzi wa nkhuku. Njinga zisanu ndi zinayi anazigwira, yachipsera panalibe. Komanso panalibe amene ankadandaula kuti yake yasowa, ndipo zimenezi ndiye zinawazunguza koposa. Mphira ija nayo inali yokulunga amuna awo, mfundo yake ankaidziwa. Kodi munthu angasinthe njinga n'kusiya mfundo?

Kufunsa ndi kudziwa njira. Lachitatu m'mawa anakulunga felemu m'chitenje, naisenza kupita kumsika, kwa a Ishmael amene akhala akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango chiyambire msewu usanaikidwe phula latsopano. Anadikira mpaka a kabaza onse atachoka, ndipo anaifunyulula mwakachetechete ngati munthu woonetsa dokotala chilonda cha malo obisika. Anafunsa ngati a Ishmael akudziwa mwini wake wa chinthuchi.

A Ishmael anayang'ana nambala yodindidwa kunsi, anayang'ana penti wofiira wotsalira m'makona, kenako anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Amayi, mwini wake ndinu," anatero. "Koma achimwene a Inocencio anandilumbiritsa kuti ndisadzanene."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Chaka cha njala ya 2002, a Inocencio ankakatenga chinangwa chouma kumalire, matumba awiriawiri. Tsiku lina potsetsereka felemu yakale inathyoka pabala pomwe paja, kuthyoka kwenikweni, koti ngakhale wowotcherera anapukusa mutu. A Inocencio anaikoka mpaka pansi pa mango pomwepo, nakhala pamwala misozi ili m'maso, osalirira chinangwa kapena njinga, koma kuti akauza chiyani mayi a Estele. A Ishmael anali ndi felemu yofiira yogwirapo kale ntchito. Anasamutsira zonse pamenepo, naipaka wakuda, a Inocencio n'kukulunga mphira pamalo opanda bala. Kunyumba anakanena kuti njinga yagona kwa amisiri masiku atatu chifukwa cha masipoko.

Mayi Rosalia anafunsa za mateyala. Anasinthidwa kambirimbiri. Mahandulo? Anapindika chaka china, awa ndi achitatu. Chishalo, mapedulo, belu? A Ishmael ankangogwedeza mutu.

"Njinga imeneyi inabadwira kuno, amayi. Chochokera ku Mozambiki chatsala chimodzi, kaliyala. Imeneyo sindinaisinthepo, siidzatha."

Pobwerera, felemu ili pamutu, mayi Rosalia sankadziwa kuti akwiye kapena aseke. Zaka makumi awiri ndi kuposa akhala akusisita mphira yopanda kanthu pamaso pa alendo, bambo uja ali phee pampando wake, kuvomereza ndi mutu nkhani yonse. Anawatukwana m'Chilomwe njira yonse, kenako anazindikira kuti akulira, ndipo chimene chinkawaliza chinali chakuti munthu wonama chotere chifukwa cha iwo sadzamupezanso. Nanga sabata yathunthu yopala, matuza, bodza lokonzeratu, zonsezi kubisa chinthu chimene a kuchimuna analibe nacho gawo! Atafika anapeza kaliyala ili pakhonde pomwe anaiponya, nkhuku itaiipitsira. Anaitsuka ndi sopo. Inali ya zitsulo zonenepa, yotakata kuposa za m'sitolo, yokhala ndi timabala ta nyundo. Apa ndi pamene anakhala tsiku lija, manja atagwira malaya a amuna awo. Anaikulunga m'bulangete n'kuikankhira kunsi kwa bedi, kukhoma kwenikweni.

Loweruka a Dario anafika ndi minibasi ya m'mawa, ali ndi akuluakulu awiri a kwawo. Anali atakalamba kuposa mmene anaonekera pamaliro, akuyendera ndodo. Mwambo unayenda bwino pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala. Mawu omasula ananenedwa, jekete ndi wailesi zinaperekedwa. Felemu inali italendewera pamwamba pawo ili mbuu, ndipo alendo ankaiyang'ana mobisa, osafuna kuyamba ndiwo.

Mayi Rosalia anayamba okha. Ananena za chaka cha njala, za felemu yofiira, za mphira yonamizira, ndipo anati a Ishmael alipo ngati wina akufuna umboni. Ananenanso, maso ali pansi, chifukwa chimene anaipalira. Chimodzi chokha ndicho anasiya.

A Dario sanakwiye. Anaimirira movutikira, nagwira chitsulo chopalidwacho, nachisiya msanga poti sichinkawadziwa. Anati iwo njinga sakanaipalasa n'komwe, mawondo anatha. Atabwerera kwawo nkhondo itatha anapeza mudzi uli thengo, nyumba ya bambo awo itapsa, ndipo manda a bambowo mpaka lero palibe amene akudziwa pamene ali. Bambo awo anali wosula zitsulo. Kaliyala ya njinga ija anaisula okha, ndipo iwo a Dario, ali mnyamata, ndi amene ankapopa mvukuto wokolezera moto tsiku limenelo. Pamaliro paja sankayang'ana njinga ayi, koma kaliyalayo.

"Adzukulu anga amandifunsa kuti agogo anasiya chiyani, ine ndimangoloza m'mwamba," anatero. "Nayonso inatayidwa, alamu?"

Kuyankha kunali kosavuta. Mawu amodzi okha, ndipo palibe akanakasuzumira kunsi kwa bedi la mkazi wamasiye. Mayi Rosalia anatsegula pakamwa, koma maso awo anagwera pa manja a alamu awo atagwira ndodo. Zala zake zinali zija zomwe, zazifupi, chala chachikulu chopindikira kunja, zimene ankaziona chaka ndi chaka zikukulunga mphira. Iwo anakhala ndi mwana wa wosula uja zaka makumi anayi. A Dario anatsala ndi thengo.

Mayi Rosalia anadzuka, nalowa m'nyumba. Anagwada, natulutsa bulangete lija, ndipo anakhala nalo pamiyendo kanthawi, mtima ukuwawa kwambiri. Kenako anatuluka nalo, nagwada pamaso pa a Dario monga mwa ulemu, n'kufunyulula.

A Dario anayendetsa chala pa timabala ta nyundo, kamodzikamodzi. "Obrigado, alamu," anathokoza m'Chipwitikizi. Popita kukakwera minibasi jekete ndi wailesi ananyamula anzawo aja. Kaliyala anaifungatira okha pachifuwa.

Lolemba m'mawa mayi Rosalia anatsegula kachitini ka buluu, nakayang'ana, nakatsekanso. Anapita ku Chitakale kukasinthitsa ndi wakuda. Anapukuta felemu ndi kansalu ka palafini, naipaka mopyapyala monga anawalangizira a Ishmael, naisiya iume tsiku lathunthu, naipakanso kachiwiri. Penti anayenderera m'malo ena, ntchentche ziwiri zinakakamira pa paipi yakutsogolo, ndipo mbale ya timanati inali ikudikirabe munthu wodziwa kumene kalikonse kamalowa. Panalibe chinthu cha ku Mozambiki chimene chinatsala panjingayo. Utauma bwino, anatenga chubu chakale, nalezapo mphira yaitali, n'kuyamba kuikulunga pansi pa malo a chishalo, pamene panalibe bala. Mfundo ija inawakanika katatu, kachinayi inagwira.