Pakati pa Mgolo

Tione Kamwendo anaika cholembera pansi osasayina. Pepala linali patebulo, ndipo Faisal, mkulu wa labu, anali chiimire pambali pake, makiyi a galimoto akulira m'manja.

Labuyo inali ku Montague Gardens, mumzinda wa Kepu, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Fakitale ikapanga mankhwala atsopano, inkatumiza mgolo umodzi kuti auyese ngati ungapirire kutentha kapena ungaphulike panjira. Wa ulendo uno unali wa ufa woyera wolimbitsira pulasitiki ya maboti. Anautsekera m'kachipinda ka konkire kotentha madigiri 50, ndipo lamulo linali loti ukhalemo masiku asanu ndi awiri. Ufawo ukatentha kuposa chipindacho ndi madigiri asanu ndi imodzi, unayenera kuyenda m'kontena yozizira, ya chizindikiro cha ngozi. Ukapanda kutero, unkangokwera sitima ngati shuga.

Masiku asanu anali atatha. Sitima inkanyamuka mawa lake, ndipo migolo ina makumi asanu ndi atatu inkangodikira dzina la Tione papepalapo.

"Waya wa labu woyezera kutentha akuti 50, sanasunthe sabata yonse," anatero Faisal. "Vuto n'chiyani?"

"Waya wa labu ndi wamfupi, bwana. Anamupangira timatumba. Mu mgolo uwu akungonyambita pamwamba. Wanga ali pakati penipeni, ndipo akuti 53."

"Atatu si sikisi."

"Dzulo anali awiri. Dzana inali imodzi."

Faisal sanali munthu woipa. Anali chabe munthu amene foni yake inalira kasanu ndi kawiri m'mawa umenewo. Analankhula motsitsa mawu kuti sitima ikapita yopanda migoloyo, fakitale sidzabweranso, ndipo ntchito ya Tione, imene ankayenera kuionjezera nthawi kutha kwa mwezi, iye sadzakhala ndi pakamwa poikhalira kumbuyo.

Waya wa Tione uja anzake ankamuseka naye. Anamumangirira kundodo yagalasi n'kumulowetsa mpaka pamtima pa mgolo, popanda womutuma. Iwo sankadziwa kuti Tione anakulira m'chigafa ku Chamama, kumene bambo ake ankapinda malaya mpaka paphewa n'kupisa mkono wonse mu mulu wa fodya. Kunja masamba ankakhala ozizira, okongola, oti n'kuitanira alendo. Koma bambo ankatulutsa mkono n'kunena kuti, "Phwasulani, wayamba kupsa." Fodya sapsera kunja. Zimenezi Tione anazidziwa asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo zaka zinayi zotsuka mabotolo mu labu yomweyi, kenako zitatu za sukulu ya Loweruka, sizinamuiwalitse.

Pa nkhomaliro anapita kumpanda wa waya kumene ankakonda kucheza ndi a Sultani, bambo a ku Mangochi oyendetsa fokolifiti yonyamulira katundu m'nyumba yoyandikana ndi labu. Migolo yodikirayo ankaisunga ndi iwo. Mphepo ya Januwale inkakankha mapepala mumsewu, phiri lili kutali ndi mtambo wake pamutu.

"Ndamva kuti mwaikaniza sitima, achemwali," anatero a Sultani akuseka. "Sitima yonse, munthu mmodzi wa ku Kasungu!"

"Sindinaikanize. Ndangoti tidikire masiku awiri."

"Eish. Kuno si kwathu, sisi. Ntchito ya jasi loyera Mmalawi saitola pansi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sayinani, bwana asangalale, basi."

Mawuwo anamulasa, chifukwa anali oona. Anaganiza za kachipinda kake ku Kraaifontein, ndi mayi ake amene ankauza aliyense kutchalitchi kuti mwana wawo ndi dokotala wa mankhwala ku Kepu. Anachita mantha, tisabise. Koma mantha ndi kukayika ndi zinthu ziwiri, ndipo iye sankakayika.

"Migolo ija mwaiika pati, a Sultani?"

"Pakhoma la malata, pafupi ndi geti."

"Pamene pamawomba dzuwa masana? Isunthireni mkati, kumthunzi. Lero lomwe."

A Sultani anamuyang'ana kumaso kwa kanthawi. Kuseka kunatha. Anapukuta manja, n'kukaliza fokolifiti.

Sitima inapita. Tsiku lachisanu ndi chimodzi waya wa Tione anafika pa 54 n'kuima pomwepo ngati bulu wokana katundu. M'mawa 54, masana 54, poweruka 54. Faisal anamudutsa kawiri m'khonde osapereka moni. Mnzake wina anamufunsa mwachifundo chonyenga ngati akukumbukirabe kumene amasunga sopo wa mabotolo. Tione ankalemba nambala ola lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono iyi inali itatsala ndi tsiku limodzi.

M'mawa wa tsiku lomaliza anapeza 55. Pofika nthawi ya tiyi inali 56. Anagogoda pa ofesi ya Faisal.

"Bwana, sikisi yakwana. Koma musachoke, bwerani muone."

Anaima awiriwo pa kompyuta. Mzere umene unakwawa sabata yonse tsopano unadzuka n'kuyamba kuthamanga: 61, 70, 88. Waya wa labu anali akadali pa 50, wokhulupirika ngati mlonda wogona. Belu la ngozi linalira. Kenako kuseri kunamveka phuu! Mawindo ananjenjemera, makapu analira pashelefu, ndipo utsi woyera unatuluka pachumuni cha kachipinda ka konkire, mphepo n'kuutengera cha ku Milnerton. Kachipindako kanagwira ntchito imene anakamangira. Palibe anavulala.

Faisal anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatulutsa foni, anaiyang'ana, anaibwezera m'thumba.

"Lero ikanakhala ili pakati pa nyanja," anatero, osayang'ana munthu. "Migolo eyite m'kontena yotseka."

Anapita ku ofesi n'kubwerako ndi pepala lina, la chizindikiro chofiira ndi chachikasu. Analiika patebulo, cholembera pamwamba, ndipo ulendo uno makiyi sanalire.

"Mukamaliza, mundilembere mmene mumaikira waya wanuyo. Kuyambira lero aliyense muno aziika choncho."

Tione anasayina dzina lonse, la bambo ake lomwe, chilembo chilichonse chooneka bwino.

Atatuluka panja anapeza a Sultani ali pampanda, kofia ili m'manja, maso ali pa utsi umene unkathera m'mwamba. Kumbuyo kwawo, mkatikati mwa nyumba ija, migolo yabuluu inali ndondondo mumthunzi.

"Achemwali," anatero, "ine masabata awiri onsewa nkhomaliro ndimadyera pamwamba pa migolo imeneyi."

Tione anagwira waya wa mpanda, ndipo m'pamene anaona kuti mkono wa jasi lake wakumanja unali wopinda mpaka paphewa. Sanakumbuke nthawi imene anaupinda. Anausiya choncho.