Kuseri kwa Pepala

Manesi ankaphunzitsa sitandade 2 pa sukulu ina kumtunda kwa Mvera, kumapiri uko kumene ukaima pabwalo la mpira umaona mpaka mapiri a ku Ntchisi. Sanali mphunzitsi weniweni, ayi. Anali wa tempolale, mmodzi mwa aja anangotoledwa sukulu itakhala yaulere, matipate atangolowa kumene, ana atakhamukira m'makalasi ngati ngumbi. Anamuphunzitsa pang'ono chabe, kumupatsa choko, basi, pitani kaphunzitseni. Ndiye chimene iye ankafuna chinali chimodzi: apite ku kosi, akatenge satifiketi, asiye kukhala munthu woti any time akhoza kuuzidwa kuti zikomo mwagwira ntchito, bwererani kumunda.

Vuto linali makope. A boma ankafika mwa apo ndi apo, ndipo akafika ankathera ku makalasi apamwamba. Makolo nawo, ndani angagulire kope mwana wa sitandade 2 woti mawa lomwe alitaya? Koma Manesi anali ndi kanjira kake. Mkulu wake Faines anali tayipisiti pa ofesi ya kabungwe kena kothandiza alimi pa Mvera pomwepo, ndipo tayipi ija inkadya mapepala koopsa. Kulakwitsa chilembo chimodzi pa kalata ya abwana, ndiye kuti kuyambiranso. Olakwika onsewo Faines ankawaponya m'katoni pansi pa desiki. Lachisanu akaweruka, Manesi kutsika phiri, katoni pamutu, kubwerera. Kuseri kwa pepala lililonse kunali koyera mbee. Iye kudula pakati, kusoka ndi ulusi, timakope tatuluka. M'makalasi a ana ang'ono, kalasi yake yokha ndi imene mwana aliyense ankagwira pensulo n'kulemba.

Kenako ku ofesi kuja kunabwera kompyuta.

Inabwera ndi mkulu wina wa ku Lilongwe, a Dave, wa tayi yopyapyala, woti aphunzitse Faines kagwiritsidwe kake. Lachisanu limenelo Manesi anawapeza ali pakati pa phunziro, anangokhala pa benchi n'kumamvetsera.

"Ayi ayi, madam, musathamangire kuprinta," a Dave ankatero. "Yambani mwaona kaye pa sikirini. Print preview. Mwaona? Dzina la abwana mwalisiya chilembo. Kale bwenzi pepala lapita limenelo. Pano mungofufuta, kukonza, finish."

"Ndiye lolakwikalo likhala kuti?" Faines anafunsa.

"Kulibe! Ubwino wake ndi umenewo. Komanso musamangoseva paliponse ngati nkhuku yoikira kutchire. Tsegulani folda. Makalata kwaokha, malipoti kwaokha, za misonkhano kwaokha. Fayilo iliyonse dzina ndi deti. Mukamaweruka, kopani pa diski, diskiyo m'dirowa. Abwana akafuna kuona kalata isanatuluke, abwere adzawerenge pompano, ali ndi miyendo."

Faines anaseka mobisa. A Dave anacheuka, kuona Manesi.

"Awa ndi ndani?"

"Mng'ono wanga, ndi mphunzitsi."

"Ooh aphunzitsi! Sunthirani pafupi muphunzire nawo, ndi zaulere ngati sukulu yanu ija."

Manesi anaseka nawo mwaulemu, koma maso ali pansi pa desiki. Katoni inali theka.

Kuyambira pamenepo zinthu zinangopita chotsika. A Dave anaphunzitsa zoti pepala lizitembenuzidwa, aprinte mbali zonse ziwiri. Anaphunzitsa zochepetsa zilembo, zochepetsa malo a m'mbali kuti lipoti la masamba ambiri lipanikizike pa ochepa. Tsiku lina anasuzumira m'katoni muja, n'kunena kuti, "Chuma chonsechi mumataya?" Anatenga otsalawo, kuwadula, kuwamenya sitepula, akhale olembapo mauthenga a pa ofesi. Abwana anakondwa mpaka kumuuza Faines kuti ofesi tsopano ikuoneka ya anthu ophunzira. Shuwa inkaoneka bho. Desiki yoyera, mafayilo osasowa. Manesi atabweranso anapeza m'katoni muli timizere tokhatokha ta mabowo tija amang'amba m'mbali mwa pepala la printa. Anatitenga ndithu, osadziwa kuti akatani nato.

Ili mkati nyengo yosankha fodya, ahedi, a Elifala, anaitana atempolale awiri a pa sukulupo, Manesi ndi Stefano wa sitandade 7.

"Alangizi oyendera masukulu akubwera kumapeto kwa mwezi uno," anatero. "Malo a ku kosi atipatsa amodzi. Amodzi basi. Adzaona kaphunzitsidwe, koma kwenikweni amafuna ntchito ya ana yolembedwa, yochongedwa. Ndiye aliyense adzikonzekere."

Stefano anangogwedeza mutu, mtima uli m'malo. Ana ake anali ndi makope a boma. A Manesi timakope tawo tinali titadzaza kalekale, tina titathothoka, tina titapita ndi mvula.

Anatsika phiri tsiku lomwelo osadikira Lachisanu.

"Achemwali, ndithandizeni. Ngakhale pang'ono pokha."

"Ndiwatenge kuti, iwe? Atsopano amatsekera m'kabati, kiyi ali m'thumba mwa abwana."

"Ndiye muzilakwitsako dala. Kale munkalakwitsa bwanji tsiku lonse?"

"Wayamba chipongwe eti? Ndinayesa, ukudziwa? Ndinaprinta kalata yolakwika dala, a Dave n'kundifunsa pamaso pa abwana kuti madam, mwaiwala magalasi? Ukufuna andichotse ntchito abweretse kamtsikana ka ku Lilongwe? Tikadye chiyani tonsefe?"

"Ine sindinanene choncho."

"Wanena."

Kompyuta inkangolira chapansipansi ngati njuchi m'mphako. Kenako Faines anadzuka, kupita kuchipinda chosungira katundu, kubwerako atanyamula mtolo womanga ndi chingwe. Anali mapepala opyapyala aja ankaikidwa kuseri kwa kaboni nthawi ya tayipi, kuti kalata ikhale ndi inzake yotsala pa ofesi.

"Awa ndamaliza kuwalowetsa mu kompyuta, akuti atenthedwe. Tenga, ubise m'chitenje. Koma Manesi, awa ndi omaliza. Usadzabwerenso ndi katoni, ukundichititsa manyazi."

Mapepala ake anali opepuka ngati khoko la anyezi, ukawayang'anitsa padzuwa umaona dzanja lako mbali inayo. Manesi anawasoka mosamala, kuika chikuto cha pepala la thumba la simenti. Anauza ana kuti asakanikize pensulo, alembe ngati akusisita mwana wakhanda. Ndipo aise, anawo analemba. Ma a e i o u oongoka, masamu ophatikiza, mayina awo pachikuto. Kamtsikana kena, Tiyamike, kankalemba zilembo zozungulira bwino kuposa ana a sitandade 4. Akaweruka, Manesi ankatolera timakope tonse, kukachonga kunyumba, kusunga pansi pa bedi. Palibe kamene kankagona kumudzi.

Lachisanu lomaliza alangizi asanabwere, a Elifala analowa m'kalasi, kutsegula timakope tingapo, n'kugwedeza mutu.

"Ntchito yabwino, aphunzitsi. Koma homuweki ili kuti?"

"Ahedi, ana awa homuweki amachitira pompano."

"Ayi, imeneyo si homuweki. Alangizi awa ndimawadziwa, amafuna aone kuti kope linafika kunyumba, kholo linasayina, ngakhale kungodinda chala ndi mwaye. A Stefano achita kale zimenezo."

"Koma mapepala awa akapita kumudzi sabwerako."

"Mukuwanyoza makolo? Masiku ano anthu anatseguka m'maso, ndi demokalase ino. Apatseni. Mukapanda kutero musadzati ahedi sanandiuze."

Manesi anaganiza za Stefano ndi masiginecha ake. Anagawa timakope. Anawauza anawo mpaka mawu kusasa: kuonetsa makolo, kusayinitsa, kubisa m'malaya, kubwera nako Lolemba. Anawafunsa kuti mwamva? Onse pamodzi, "Indeee madamu!"

Lolemba njinga yamoto ya alangizi inafika belu lisanalire. Anali mayi wachikulire, wofatsa, wa chikwama chakuda. Anayamba ndi kalasi ya Stefano, kenako kubwera kwa Manesi n'kukhala kumbuyo pa mpando umene ahedi anawanyamulira.

"Tulutsani makope," Manesi anatero.

Panatuluka ochepa oti ukhoza kuwagwira ndi dzanja limodzi. Ana ena anangoyang'ana pansi. Ena anatulutsa chikuto cha simenti chokhachokha, ulusi ukulendewera pakati.

"Tiyamike, kope lako lili kuti?"

Mwana anayamba kuseweretsa ulusi wa pachikuto.

"Tiyamike, ndikufunsa iwe."

"Atate asuta."

Kalasi yonse inaphulika kuseka. Kenako poti wina wayamba, onse anamasuka. Wina akuti amalume anang'amba masamba awiri okha, koma anzawo atabwera anamaliza. Wina akuti kwawo anachita kugawana anthu onse amene ankasankha fodya m'chigafa. Wina anaimirira n'kunena monyadira kuti agogo ake akuti pepala lotere analiona komaliza kalekale ku esiteti. Azibambo atakhala tsiku lonse m'zigafa akusankha fodya, chingambwe chili pomwepo, chopichirira palibe, nyuzipepala kumapiri kuno sifika. Ndiye mwana akubwera ndi mtolo wa pepala lopyapyala n'kunena kuti atate onani. Anaonadi.

Manesi anaphunzitsabe. Analemba pa bolodi, anaimbitsa nyimbo ya zilembo, anafunsa mafunso ana n'kumayankha bwino ndithu. Koma mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

Pa buleki alangizi anamuitanira pansi pa mtengo.

"Mwana wanga, kuphunzitsa umatha, ndaona."

"Amayi, analemba. Onse analemba, ndinachonga ndekha. Afunseni ahedi, anaona ndi maso awo."

A Elifala anakhosomola. "Ee, ndinaonako pang'ono. Koma kusamala zipangizo ndi udindo wa mphunzitsi wa kalasi."

Manesi anawayang'ana. Iwo anali busy kuyang'ana ana amene ankakankha mpira wachikulunga.

"Ine sindikukutsutsa," alangizi anatero. "Koma kumene ndikupita akandifunsa kuti munaona chiyani. Ndikanene kuti ndinaona zikuto? Mnzakoyu wandionetsa makope odzaza, osayinidwa. Ndilemba dzina lake."

"Nanga ulendo wina?"

"Kaya, mwana wanga. Zikumveka zoti amene atsale ulendo uno aziona ngati akufunikabe. Sindikufuna kukunamiza."

Anatseka chikwama, kukwera njinga yawo, fumbi kobo. Stefano anabwera kudzanena kuti sorry aphunzitsi, zimachitika, nkhope ikukanika kubisa chimwemwe. Manesi anangoti zikomo, mukaphunzire bwino.

Ataweruka anatsala yekha m'kalasi akutolera zikuto zimene ana anataya pansi. Panamveka odi pakhomo. Anali a Festus, bambo ake a Tiyamike, atavula chipewa, dzungu lili m'khwapa.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Mwana akuti mwakhumudwa."

"Ndaswera, bambo."

"Pepanitu. Ife timayesa ndi zotha ntchito, poti zinali zolembalemba kale, inu mutachongamo. Ndiye ndati ndisabwere chimanjamanja." Anaika dzungu lija pa tebulo mosamala. Kukhutu kwawo kunali ndudu yopichira kale, ndipo pa nduduyo pankaoneka ka e kozungulira bwino, pambali pake kachizindikiro kofiira ka bolopeni ya Manesi.

Manesi anapitiriza kusanja zikuto zija. A Festus anazungulitsa chipewa m'manja, kuyang'ana uku ndi uku m'kalasimo, kenako anatsitsa mawu.

"Komatu aphunzitsi, pepala limenelija ndi labwino zedi. Silizima, silikanda pakhosi. Anzanga andituma kuti ndifunse, ngati kumene mumatengako aliko ena, musatiiwale."

"Kulibe, bambo," Manesi anatero. "Anatha."

"Ooh. Basi, n'zachisoni." Anavala chipewa, kutsanzika, n'kutuluka. Ali pakhonde anaima kaye, kufunafuna machesi m'thumba.