Nyemba za m'botolo lachiwiri

Kalata inati Lolemba. Woyendera sukulu adzakhala kumbuyo kwa kalasi, adzaonera phunziro limodzi, kenako adzasaina kapena ayi. Akasaina, mphunzitsi wa sayansi alembedwa ntchito yokhazikika. Akapanda kusaina, chaka chake choyesedwa chathera pomwepo. Abwerere kumsewu ndi envulopu ya makalata kukhwapa. Munthu wa mkazi. Munthu wa khanda la masabata asanu.

Anasankha phunziro losapweteka mutu: mbewu imafuna chiyani kuti imere? Madzi, mpweya, kufunda. Zitatu basi.

Anatsuka mabotolo anayi a jamu. Pansi thonje, pamwamba nyemba zisanuzisanu. Loyamba analipatsa zonse. Lachiwiri analimana madzi. M'lachitatu anamiza nyemba m'madzi owiritsa, n'kuthira mafuta ophikira pamwamba kuti mpweya usalowe. Lachinayi linali la m'firiji. Ana anaona zonsezi ndi maso awo, analemba okha manambala pamabotolo. Koma kusukulu kunalibe firiji, ndipo chitseko cha kalasi chinkatsekedwa ndi waya. Mabotolo anakwera minibasi, ulendo wa kunyumba.

Kunyumba kunali apongozi. Anabwera kudzathandiza za khanda. Mayi wamfupi, wa manja osadziwa kupuma. Akapanda kusambitsa mwana ndiye kuti akupukuta mawindo. Akakhala pampando ndiye kuti akuluka timasokosi ndi ulusi wachikasu. Kwawo chitini chikangotha chinkamera kanthu.

Mphunzitsi sakanawalamula pamaso. Anauza mkazi wake, mkazi wake anauza amayi ake: izi ndi za kuntchito, zisachoke pamalo pake. Apongozi anati amva.

Mabotolo atatu oti alephere aja anawaveka mapepala a nyuzi, pamwamba anasiya mpata, m'khosi anamanga labala. Ankafuna adzavundukule pamaso pa ana ngati wamatsenga. Lina analiika pamwamba pa kabati, lina kuseri kwa wailesi, lina m'firiji kumbuyo kwa majarini. Sanawasuzumirenso. Nyemba youma ukaionenji?

Mtima wake wonse unali pa botolo loyamba. M'mawa madzi. Akaweruka madzi. Masana ankaimba foni kuti mkazi wake awonjezere pang'ono, mpaka mkaziyo anamufunsa ngati akukumbuka kuti m'nyumbamo mulinso mwana. Nyemba zinatupa. Muzu osaoneka. Iye anawonjezera madzi. Tsiku lachisanu ndi chitatu mkazi wake ananunkhiza m'mwamba, anatembenuza khanda n'kuyang'ana thewera. Khanda linalibe mlandu.

Apongozi anaima pa botololo kamodzi kokha. Anayang'ana nthawi yaitali. Anangoti nyemba si nsomba, n'kupitiriza kusesa.

Lolemba m'mawa anapeza katoni yalongedzedwa kale, nsanza zitapanikizidwa pakati pa mabotolo.

"Munyamule choimika, bambo," anatero apongozi. "Zingathyoke."

Iye anayesa akunena galasi. Anathokoza. Mu minibasi anafungatira katoni pamiyendo, akuwerengera mumtima. Loyamba lawola, chabwino, aonetsa chithunzi cha m'buku. Atatu otsalawo sangamuchititse manyazi. Kulephera kumera si ntchito yovuta.

Ana anali makumi asanu ndi limodzi kudza awiri. Woyendera anali mayi wowonda wa magalasi, cholembera chofiira m'manja. Anadzipanikiza padesiki ya mwana, mawondo akugunda thabwa. Mphunzitsi wamkulu anaima pakhomo, manja kumbuyo, akumwetulira ngati sukulu yonse anaimanga yekha.

Chiyambi chinayenda bwino. Mawu atatu pabolodi, choko osathyoka. Anatulutsa botolo loyamba, anati ili lachedwa pang'ono. Mzere wakutsogolo unagwira mphuno. Mtsikana wina amene anzake ankamutcha Loya, chifukwa sankalola nkhani kudutsa osaifunsa, anakweza dzanja. Ankafuna kudziwa ngati fungo nalonso ndi chizindikiro cha kumera. Mphunzitsi anati abwererako. Ananyamula lachiwiri msangamsanga.

"Ili tinalimana madzi. Tipezamo chiyani?"

"Sizinamere," kalasi yonse inayankha pamodzi.

Anadula labala. Anakoka pepala.

Nyemba zisanu zinali chilili, zobiriwira, mitu itafika kukamwa kwa botolo. Iliyonse inatsamira kamtengo kake. Iliyonse inamangidwa m'chiuno ndi ulusi wachikasu.

Mphunzitsi anayang'ana ulusiwo, ulusiwo unamuyang'ana. Anathawira ku botolo lachitatu. Mafuta munalibe, madzi omiza aja munalibe, munali nyemba zonenepa za masamba awiriawiri. Lachinayi linali lozizirabe kunja kwake. Zam'katimo zinali zazifupi, koma zinamera, zonse zisanu.

Atacheuka, pakhomo panalibe mphunzitsi wamkulu.

Loya anaimirira osaitanidwa. Anawerenga zimene analemba m'kope mwake, mawu omveka mpaka kumbuyo: nyemba zimamera bwino popanda madzi, popanda mpweya, ndiponso m'firiji, ukazipatsa zonse zimawola. Mitu inawerama. Zolembera zonse zinayamba kukopera. Chofiira chija nachonso chinkayenda.

Mphunzitsi anayang'ana zenera. Linali laling'ono, lazitsulo. Anaganiza zonena kuti mabotolo asinthana manambala, koma manambalawo anali a dzanja la ana omwewa. Anaganiza zokomoka. Pansi panali fumbi, malaya anali ake oyera okhawo.

"Zolembera pansi," anatero.

Anapereka botolo lachiwiri kumzere woyamba. Aliyense apise chala, akhudze thonje, anene zimene wamva. Chala choyamba chinatuluka chonyowa. Chachiwiri chonyowa. Phokoso linayamba. M'lachitatu anauza mtsikana wina apake kapepala m'mbali mwa galasi, aunike padzuwa ngati pali banga la mafuta. Panalibe. Botololo linali litatsukidwa ndi sopo, fungo lake linkamvekabe. Kenako anafunsa ngati alipo amene anaonapo nyemba ikudzimanga yokha ndi ulusi.

Apa kalasi inasanduka bwalo la milandu. Ena anati ndi mlonda. Ena anati mlonda sadziwa kuluka. Wina anati ndi akazi awo a aphunzitsi, nsanje. Wina kumbuyo anatchula mphunzitsi wamkulu, umboni wake woti athawa. Loya anafuna kudziwa amene ankatsala ndi mabotolo masana onse.

Mphunzitsi anayankha.

"Apongozi anga."

Kuseka kwake kunagwedeza malata. Mphunzitsi wa masamu wa kalasi yoyandikana anasuzumira pazenera, choko m'manja. Phokoso litatsika pang'ono, mphunzitsi wa sayansi anafunsa kuti tsono mabotolowa akutiuza chiyani za madzi ndi mpweya. Anakangana. Anagwirizana kuti sakutiuza kanthu, chifukwa onse atatu anamwa, anapuma, mwinanso anaothera dzuwa. Anafufuta zimene anakopera zija. Nanga tichite bwanji? Tiyambirenso, anatero ana. Tigule loko. Tisaine pathonje. Wina anati apongoziwo abwerere kwawo. Mphunzitsi anati zimenezo sayansi ilibe nazo mphamvu.

Belu linalira.

Ana atatuluka, woyendera anadzisolola padesiki, anawongola msana. Anatsegula pulani ya phunziro imene mphunzitsi analemba lisanafike Lolemba, masamba atatu aukhondo. Anati waifunafuna m'phunziro lonse, sanaipeze ngakhale mzere umodzi. Anati nthawi yadutsa ndi mphindi zinayi. Anati ana amafuula. Kenako analoza botolo loyamba ndi cholembera, osaliyandikira.

"Ili ankasamala ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye kuti m'nyumba monsemo, wopha nyemba ndinu nokha."

Iye anavomera. Manja anali atagwirana kutsogolo ngati mwana wogwidwa akudya shuga.

Woyendera ananyamula botolo lachiwiri, analitembenuza pang'onopang'ono, anayang'anitsitsa mfundo za ulusi. Anati iye ali wamng'ono pantchito, nyemba zake anaziviika Lachisanu, Loweruka alamu ake anaziphika. Anafika pamaso pa woyendera wa nthawiyo ndi mabotolo anayi opanda kanthu, ananama kuti makoswe. Ana sanaphunzire kalikonse tsiku limenelo.

"Anuwa saiwala," anatero. "Akaona thonje azilikhudza kaye."

Anatsamiza fomu pakatoni. Anasaina.

Kunyumba mkazi wake anaulula asanafunsidwe. Geti likangotsekeka m'mawa, amayi ankatulutsa mabotolo onse atatu, kuwavula mapepala, kuwamwetsa, kuwandandalika pawindo la kukhitchini. Ikamakwana fili koloko ankawaveka, lililonse n'kubwerera pamalo pake. Iye anawaletsa kawiri. Anamuyankha kuti mwamuna wako akachotsedwa ntchito chifukwa cha nyemba zouma, mwanayu adya chiyani?

Apongozi anatulukira ndi khanda paphewa. Anafunsa ngati abwana azikonda.

"Azikonda kwambiri, mayi. Asaina."

Apongozi anagwedeza mutu ngati munthu amene sanakayikepo. Anabwerera kukhitchini, mkazi wa mphunzitsi akuwatsata. Chitseko sichinatsekeke bwino. Mphunzitsi akuvula nsapato anawamva akunena, osatsitsa ngakhale mawu, kuti bambo ake a mwanayu ndi munthu wabwino, waulemu, koma asamamusiye yekha ndi chinthu chamoyo.