Mpunga Ukadali Mkaka

Akuluakulu oyang'anira mpunga womera wokha m'nyanja anali atalamula kuti nyanja ikhale yotseka masiku ena asanu ndi limodzi. Pasapezeke bwato lolowa m'mpunga, chifukwa maso ake anali asanalimbe. Lamulo limeneli aliyense wa mtundu wa Anishinaabe ankalidziwa asanayambe n'kugwira nkhafi komwe. Ndiye Lachiwiri m'mawa, Aandeg, mayi wa zaka makumi asanu amene anali mmodzi wa akuluakuluwo, anatsikira kudooko ndi kathumba ka fodya kuti akaone ngati ngala zayamba kuda.

Womukankhira bwato anali mlamu wake Philomene, mkazi wa mlongo wake wamng'ono, Nigig. Awiriwa anali atakolola limodzi zaka khumi ndi zinayi, ndipo m'bwato mwawo simunkasowa phokoso. Koma tsikuli Philomene anali duu.

"Kodi pakamwa mwasiya kunyumba, alamu?"

"Mutu, alamu. Ukundiwawa."

Anafika kumathiriro a mtsinje, kumene malemu mayi ake a Aandeg ankamanga ngala ndi luzi kuti odutsa adziwe kuti pali mwini. Aandeg anamasula kathumba kuti athire fodya pamadzi monga mwa mwambo, koma dzanja linauma m'malere. Pakati pa mpunga panali msewu wotakata ngati podutsa ngolo. Mapesi anali othyokathyoka, ena ozulidwa ndi mizu yomwe. Munthu wodziwa amaweramitsa mapesi ndi kamtengo kamodzi n'kusisita ngala ndi kamtengo kena. Zokhwima zokha zimagwera m'bwato, zotsala zimadikira tsiku lina. Koma amene anadutsa apa anachita kumenya ngati akupha njoka.

Aandeg anatola diso limodzi pamadzi n'kuliluma. Munatuluka mkaka.

"Agalu!" anakuwa, mpaka abakha anauluka m'bango. "Agalu opanda mayi! Akolola chiyani pamenepa? Mankhusu? Nanga chaka chamawa pamera chiyani?"

Anadziwa kuti ndi azungu a m'tauni. Chiyambire pamene boma linayamba kugulitsa ziphaso zokololera mpunga, n'kumalembapo tsiku lotsegulira nyanja ngati kuti mpunga umawerenga, aliyense wokhala ndi bwato anasanduka katswiri.

"Tsatirani njirayi, alamu."

"Tiyeni tibwerere, tikauze akuluakulu."

"Akuluakulu ake ndi ine ndemwe. Kankhani!"

Njira ija inawafikitsa padooko lakale la odula mitengo, kutsidya lakum'mawa. Pamtunda panaima lole, pambali pake sikelo yopachikidwa pamtengo. Tollefson, mzungu wogula mpunga, anali atatsamira lole akusuta, ndipo anzake awiri ankapakula mpunga wobiriwira m'chibwato chamatabwa chimene anachikokera pamchenga. Munthu wachinayi, amene ankamanga matumba atafulatira, Aandeg anamuzindikira ndi khosi.

Anatsika bwato lisanaime, madzi m'mawondo.

"Nigig!"

Mlongo wakeyo anatembenuka pang'onopang'ono. "Achemwali, chonde musayambe."

"Ndisayambe? Wayamba ndani?"

"Chiphaso ndili nacho, ichi. Boma latsegula nyanja dzulo."

"Bomalo linadzalako mpunga muno? Linaulumapo? Iwe unabadwira m'mphepete mwa nyanja ino, amayi ankakugoneka m'bwato pakati pa ngala, lero ukufunsa pepala ngati mpunga wapsa?"

"Ndikanakana ine, akanapeza wina. Kapena akanangolowa okha n'kuwononga paliponse. Ine ndawatengera malo amodzi basi."

"Malo amodzi akewo n'kukhala pamalo pa amayi ako?"

Nigig anaponya chingwe pansi. Nayenso magazi anali atakwera. "Inu mumalankhula bwino, ana anu anakula. Kocheka matabwa kuja anatichotsa ntchito, mukudziwa. Chisanu chikafika ana anga adzavala miyambo kumapazi?"

"Ukanabwera kwa ine! Unagogodapo liti pakhomo panga n'kubwerera chimanjamanja? Masiku asanu ndi limodzi okha, Nigig. Ukanadzaza matumba owirikiza awa, mpunga weniweni, nyanja n'kutsala yamoyo."

Kenaka anacheukira kubwato kwake. Philomene anali atakhala pansi, nkhope m'manja.

"Inunso alamu, mutu wanu uja ndi umenewu eti?"

"Ndinamuletsa, alamu. Mulungu ndi mboni, ndinamuletsa."

"Koma ine simunandiuze."

Tollefson anali kumvetsera akumwetulira, ngakhale sankamva kanthu. Anauza Nigig m'Chingerezi kuti awauze agogowo asadandaule, nawonso akabweretsa wawo adzawagula. Aandeg Chingerezi ankachimva. Anachiphunzira ndi chikwapu kusukulu ya amishoni, ndipo n'chifukwa chake sankachilankhula. Anapisa dzanja m'thumba limodzi, anafinya mpunga wodzaza chikhatho mpaka mkaka unatsetsereka m'zala, n'kupukutira pamalaya oyera a mzunguyo. Kumwetulira kuja kunathera pomwepo.

Mwambo wa nyanja unali wakuti bwato lolowa m'mpunga nthawi isanakwane lisayandamenso chaka chimenecho. Bambo ake a Aandeg anaboolapo bwato la msuweni wawo weniweni pa mlandu ngati womwewu, ndipo msuweniyo anachita kuwagwirira bwatolo yekha. Aandeg anapita kubwato kwake n'kusolola kankhwangwa kodulira nkhuni.

"Achemwali, bwatolo si langa! Ndi la mzunguyu!"

"Akanafunsa malamulo a nyanja asanalowemo."

Azungu awiri aja anadumphira kumbali. Aandeg anatema kamodzi, thabwa linang'aluka. Anatemanso. Tollefson ankatukwana m'chilankhulo cha kwawo koma osayandikira, chifukwa nkhwangwa inali kuzungulira. Atasiya, pansi pa chibwatocho panali bowo loti galu n'kudutsapo.

"Tiyeni, alamu," anatero akupukuta thukuta. "Kapena mutsala ndi amuna anu?"

Philomene anadzuka n'kugwira mtengo wokankhira. 

Masana a tsiku lomwelo, mlonda wa boma woyang'anira nyanja anamupeza Aandeg pamsasa pake akutsuka chimphika chokazingira mpunga. Aandeg ataona galimoto anayamba wasangalala.

"Mwabwera bwino," anatero kudzera mwa womasulira amene mlondayo anabwera naye. "Tiyeni ndikakuonetseni zimene achita."

Mlondayo anati anthu ajawo ali ndi ziphaso, palibe lamulo limene aphwanya. Kenaka anafunsa ngati mayiwo ali nacho chawo, poti anaoneka ali m'mpunga m'mawa.

"Muuze kuti chiphaso changa chili kumanda uko, kuseri kwa mikungudza. Kwagona amayi anga, agogo anga, ndi amayi awo. Akawerenge."

Womasulira anachepetsako mawu, koma sizinathandize. Pa mlandu woboola bwato ndi wosowa chiphaso, khoti linamupatsa masiku khumi ndi awiri m'chitokosi cha m'tauni.

Zakudya zoipa ndi nsikidzi sizinamuvute kwenikweni. Chimene chinkamudya mtima chinali mphepo. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anadziwa kuti nyanja yatsegulidwa, mabwato alowa. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi kunawomba mphepo yamphamvu ya kumwera, ndipo iye ataima pakazenera anadziwa kuti mpunga wokhwima ukuyoyokera m'madzi iye manja ali lende. Chibadwire anali asanaphonyepo kukolola, ngakhale chaka chimene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Anamenya chitseko ndi mbale mpaka mbaleyo inapindika. Wapolisi atabwera kudzamukalipira, anamutukwana m'chinenero cha makolo ake, mawu amene chikwapu cha kusukulu chinalephera kuchotsa.

Atatuluka anayenda pansi mpaka kumsasa. Anapeza matumba asanu ndi awiri atasanjidwa m'kati, mpunga wokazinga kale, wopondedwa, wopetedwa. Bwato lililonse linachotsako pang'ono pa zokolola zake kumusonkhera. Awiri mwa matumbawo anali osokedwa m'masokedwe a Philomene. Anthu anamuuzanso kuti mpunga wa Tollefson unatentha m'matumba n'kuchita nkhungu asanafike nawo kumakina okonzera mpunga, ndipo anakautaya m'mbali mwa msewu. Nigig sanapatsidwe kalikonse kupatula mwano.

Aandeg sanaseke. "Ndiye kuti aphera nyanja khwangwala," anatero, ndipo ngakhale dzina lake lomwe limatanthauza khwangwala, palibe analimba mtima kuchita nthabwala.

Akuluakulu anakhala pansi pa mlandu wa Nigig Loweruka. Iye anabwera atanyamula ndowa ya timipira tadothi tokhala ndi mbewu yokhwima m'kati, nati akufuna kukaponya kumathiriro kuti pamerenso. Ena anati mwanayu waphunzira, amukhululukire, njala ndi imene inamupusitsa. Onse anayang'ana kwa mlongo wake.

"Mbewuyo asiye pompo, tikaponya ndife," anatero Aandeg. "Iye asakwere bwato m'nyanja ino zokolola zitatu."

"Achemwali, zitatu?"

"Malo amene wathyolawo adzabwerera pa zaka zingati? Uzidikira nawo limodzi."

Philomene anayamba kulira. Aandeg anatembenukira kwa iye.

"Ana anu sadzagona ndi njala, alamu, ine ndili moyo. Koma ameneyu akhale pamtunda, aziona anzake akulowa."

Madzulo asanafike anasenza matumba atatu, limodzilimodzi, kukatula pakhomo pa Philomene. Ulendo uliwonse Nigig ankaimirira kuti amulandire katundu, ndipo ulendo uliwonse Aandeg ankamulambalala ngati chitsa.

Chaka chotsatira mlonda uja anabweranso ndi ziphaso zake, tsiku lotsegulira litalembedwa kale. Akuluakulu anatsegula nyanja patapita sabata kuchokera pa tsiku lakelo. M'mawa umenewo mlondayo anapeza mabwato khumi ndi anayi padooko, lililonse ndi akazi awiri, ndipo atafunsa ziphaso panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatulutsa. Anayang'ana akaziwo, anayang'ana galimoto yake ya mipando inayi.

"Mufunse ayamba ndi ndani," Aandeg anauza womasulira, "chifukwa ena tonsefe tikulowa."

Mlondayo analemba mayina mpaka pensulo inabuntha. Akaziwo anamupatsa mayina a abakha, a achule ndi a nsomba, iye n'kumalemba mosamala, kufunsa ndi kalembedwe kake komwe. Pamene ankamaliza, bwato lomaliza linali litalowa kale m'mpunga.