Mwala Umene Unakana Kumira

Tazazu anali ndi chakukhosi ndipo sankabisa. Akamawomba nsalu pakhomo pake, m'mudzi wa Ayuda wa kumapiri a Gondar, dzina la Wubshet linkamutuluka m'kamwa limodzi ndi malovu.

Awiriwa anakulira pamphasa imodzi kwa Kesi Yalew, wansembe wa m'mudzimo, akuphunzira malemba opatulika. Wamutu wakuthwa anali Tazazu, ndipo aliyense ankadziwa kuti nduwira yoyera ya unsembe idzagwera iye. Koma tsiku lina Wubshet anapita kwa wansembeyo nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti waona Tazazu kumsika akudya nyama yoletsedwa, yophedwa ndi anthu akunja. Linali bodza lamkunkhuniza. A Kesi anakhulupirira, Tazazu anachotsedwa pamphasa, ndipo makolo a mtsikana amene ankamufunsira anabweza mawu.

Tsopano Wubshet anali pafupi kuvekedwa nduwira ija. Chotsala chinali chimodzi. A Kesi, amene mtima unayamba kuwakayikitsa atakalamba, analamula kuti ayambe wapepesa Tazazu pamaso pa anthu lisanafike tsiku la Astasreyo, tsiku lalikulu losala kudya ndi kukhululukirana. Popanda chikhululuko, nduwira panalibe.

"Ndiye mukamukhululukira, achimwene?" anafunsa Imaye, mlongo wake wa Tazazu, akuphika injera, buledi wa kumeneko.

"Bulu akadzamera nyanga," anatero Tazazu. "Mlandu suola. Ndikamusiya chogwada mpaka mawondo achite zipsera."

Kutatsala tsiku limodzi kuti tsikulo lifike, masana, mudzi wonse unali kumtsinje, kusamba ndi kuchapa zovala zoyera. Mwambo wake ngwodziwika: wopepesa amasenza mwala pakhosi n'kuwerama, ndipo wolakwiridwa akauchotsa ndi manja ake, nkhani yatha. Ambiri amangotola kamwala kokwana m'dzanja. Koma Wubshet, munthu wokonda maso a anthu, anatsetsereka mtunda ndi chimwala chachikulu ngati mtsuko, akudzandira, mitsempha ili njo pachipumi. Azimayi anagwira pakamwa. Wubshet anagwada pamapazi pa Tazazu n'kulira mokweza kuti ndi akutsidya omwe amve.

"Mbale wanga, ndinalankhula zimene maso anga sanaonetsetse. Chisoni changa chikulemera ngati mwala uwu. Ndikhululukire!"

Apa Tazazu anadzidabwa yekha. Mawu onse obaya amene anakhala akuwanola zaka zonsezi anamuthawa. Malemba ndi oopsa, amalowa m'mafupa ngakhale mwa munthu wothamangitsidwa, ndipo anamukumbutsa kuti kusungira mbale wako mangawa n'kuchimwa. Chifundo chinamugwira, misozi inalengeza. Anatangadza miyendo, nakunga mphamvu zake zonse, n'kunyamula mwala uja.

Anangotsala pang'ono kugwa chagada. Mwalawo unali wopepuka ngati ndowe youma.

Anauzindikira pomwepo. Unali umodzi wa miyala yamabowomabowo ya kuphiri, ija amayi amakwechera zidendene, koma waukulu, womatidwa bwinobwino ndi dothi lakuda kuti uzioneka ngati wa mumtsinje. Kudzandira konse kuja, mitsempha yonse ija, zinali sewero. Chifundo chake chinauma nthawi yomweyo, ndipo mkwiyo umene unabwera m'malo mwake unali wozizira, wokoma.

Wubshet anakweza maso. Anaona kuti mnzakeyo wadziwa, ndipo ananong'ona, "Uwuike pansi pang'onopang'ono, iwe. Chonde."

Tazazu anamwetulira. Naye anadzandira dala, nauguguza mwalawo pachifuwa mpaka pathanthwe la m'mphepete mwa dziwe lakuya.

"Atate athu a Kesi, ndi inu nonse, mverani!" anafuula. "Mbale wangayu wandisenzera phiri, ine ndine yani kuti ndiumitse mtima? Mlandu wake umire limodzi ndi mwala uwu. Ukangofika pansi, ndamukhululukira."

"Amen!" anayankha anthu, ena akupukuta misozi.

Anauponya. Madzi anathovoka, mwala unalowa, kenako unatumphuka. Unayandama. Dothi lija linasungunuka n'kudetsa madzi, mabowo onse anaonekera, ndipo chimwala cha kulapa kwa Wubshet chinayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumunsi, chikuzungulira ngati chikho chotayidwa.

Woyamba kuseka anali Imaye.

"Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere!" anakuwa. "Thamangirani kulapa kwanu, a Wubshet, kukuthawa!"

Phwete linabuka gombe lonse. Wubshet anakhalabe chogwada, pakamwa pali yasa, wosowa poika maso.

Kesi Yalew sanaseke. Anatsamira ndodo yawo, nayang'ana mwalawo mpaka unakhota pagulaye.

"Likasa la Chipangano linakutidwa ndi golide kunja, ndiponso mkati mmene simufika diso la munthu," anatero. "Ndakuphunzitsa zimenezi kuyambira uli wopanda ndevu, Wubshet. Unaloweza mawu okha. Nduwira sindikuveka."

Kenako anatembenukira kwa Tazazu, natsitsa mawu.

"Ndinakulakwira, mwana wanga, ndipo lero ndimati ndikubwezere pamphasa. Koma tandiuza, unadziwa usanauponye?"

"Ndinadziwa, Atate."

"Ndiye unalonjeza chikhululuko ukudziwa kuti sichimira. Ukanandinong'oneza. Nawenso mawu ako anali omatidwa dothi."

"Iye sananong'one pondipha ine."

Nkhalambayo inapukusa mutu n'kukwera mtunda yokha. Tazazu anadziwa kuti nduwira yamudutsa kachiwiri, ulendo uno popanda womunamizira. Anayembekeza kuti mtima umuwawa, koma ayi ndithu. Mawa lake mudzi wonse unasala kudya, milomo ili gwa, anthu akupempha Mulungu kuti awakhululukire. Tazazu anaima kumbuyo kwenikweni, maso ali pakhosi la Wubshet lowerama, ndipo njala sanaimve ngakhale pang'ono.